Sitidya Nkhumba, Nanga Timadya Chiyani?

Mukafunsa mwana aliyense wa mu Pathfinder kuti atchule zinthu zimene Mkhristu wa Seventh-day Adventist sadya ndi kumwa, ayankha mosajejema: nkhumba, mbewa, mlamba, mowa, khofi. Mndandanda umenewu tinauloweza tili aang'ono, ndipo amene tinadutsa m'masukulu a mpingo tinaumva kambirimbiri pa mapemphero a m'mawa. Koma mukalitembenuza funsolo n'kufunsa kuti Mkhristu yemweyu ayenera kudya chiyani tsiku lililonse, ndipo chochuluka bwanji, mayankho amayamba kuchepa.

Taganizirani chakudya cha wophunzira wamba pa tsiku. M'mawa wadya buledi kapena mandasi ndi chakumwa chotentha cha shuga wambiri. Masana wadya nsima mitanda itatu ndi nyemba kapena nyama ya soya, pambali pali kabichi wongokwana sipuni imodzi. Madzulo chimodzimodzi. Njala ikamupweteka pakati pa tsiku amagula tchipisi ndi chakumwa cha m'botolo. M'zonsezi mulibe chodetsedwa ngakhale chimodzi, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene angamuitane kuti akambirane naye. Komabe thupi la munthu ameneyu likusowa zinthu zofunika kwambiri, ndipo likhoza kuzisowa kwa zaka zinayi zonse za maphunziro iye osadziwa.

Phunziro lathu likunena za mbali imeneyi ya uthenga wa zaumoyo, imene timaiiwala kawirikawiri. Kupewa zoipa ndi theka chabe la uthengawu. Theka linalo ndi kudya zabwino mokwanira, makamaka zamasamba ndi zipatso.

Chakudya choyamba chinali mphatso

Werengani Genesis 1:29 ndi Genesis 2:8-17. Mawu oyamba amene Mulungu analankhula kwa munthu okhudza chakudya anali mawu opatsa. Anamupatsa zomera zobala mbewu ndi mitengo yobala zipatso, ndipo anamuika m'munda kuti aulime ndi kuusamalira. Mitengo yololedwa inali yambirimbiri, woletsedwa unali umodzi wokha. Munthu atachimwa, pa Genesis 3:18, zomera za m'munda zikutchulidwanso ngati chakudya chake. Malamulo a nyama zodyedwa ndi zosadyedwa amene timawadziwa bwino, a pa Levitiko 11, analembedwa patapita nthawi yaitali. Tikamaphunzitsa ana athu Levitiko 11 osawaphunzitsa Genesis 1, tayambira nkhani pakati.

Tsopano werengani Danieli 1:8-16. Nkhani imeneyi timakonda kuilalikira ngati nkhani ya kukana, ndipo n'zoona kuti Danieli, Hananiya, Misayeli ndi Azariya anakana chakudya ndi vinyo wa mfumu ya ku Babulo. Koma onani kuti Danieli sanangokana n'kukhala chete. Anapita kwa woyang'anira ndi pempho lomveka bwino. Anatchula chimene akufuna kudya m'malo mwake, zamasamba ndi madzi, anatchulanso nthawi yoyeserera, masiku khumi. Liwu la Chihebri limene lili pa ndimeyi limatanthauza zinthu zomera kuchokera ku mbewu zofesedwa, choncho likuphatikiza masamba, nyemba ndi mbewu zina. Anyamata anayiwa anali ophunzira ngati ife, okhala kutali ndi kwawo, odya chakudya chophikidwa ndi anthu ena. Ankadziwa chimene sakufuna, ankadziwanso chimene akufuna.

Zimene mpingo wathu unaphunzira

Mpingo wathu unakhazikitsa General Conference mu Meyi 1863. Mwezi wotsatira, ku Otsego m'chigawo cha Michigan ku America, Ellen G. White analandira masomphenya okhudza zaumoyo, ndipo kuyambira pamenepo kusamalira thupi kunakhala gawo la chiphunzitso chathu. M'buku lake la The Ministry of Healing, lomwe linatuluka mu 1905, iye anaphunzitsa kuti chakudya chimene Mlengi anakonzera munthu ndi mbewu monga tirigu ndi chimanga, zipatso, mtedza ndi zamasamba. Nthawi imeneyo liwu lakuti vitamini linali lisanapangidwe n'komwe.

Patapita zaka, akatswiri a pa Loma Linda University ku California anayamba kufufuza umoyo wa mamembala a mpingo. Kafukufuku wina, amene anayamba m'zaka za m'ma 1970, anatsata Aadventisti pafupifupi 34,000 a ku California. Anapeza kuti amuna a mumpingo ankakhala ndi moyo zaka pafupifupi 7 kuposa amuna ena a m'chigawocho, ndipo akazi zaka zoposa 4. Kafukufuku wachiwiri anayamba mu 2002 ndipo akutsata mamembala pafupifupi 96,000 ku America ndi ku Canada.

Chimene chikutikhudza kwambiri pa phunziro lino n'chakuti ngakhale pakati pa Aadventisti okhaokha panali kusiyana. Onsewa ankapembedza tsiku limodzi ndipo ankadziwa mndandanda umodzi wa zoletsedwa. Komabe amene ankadya kwambiri zomera, kudya mtedza kawirikawiri, kulimbitsa thupi, kusanenepa mopitirira muyeso ndiponso amene sanasutepo fodya ankakhala zaka zambiri kuposa abale awo amene sankachita zimenezi, ndipo kusiyanako kunkafika pafupifupi zaka 10. Dzina lolembedwa m'kaundula wa mpingo silinatalikitse moyo wa munthu aliyense. Zimene ankaika m'mbale ndi mmene ankakhalira tsiku ndi tsiku ndi zimene zinasiyanitsa.

Muyeso wake ndi wotani?

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a zamasamba ndi zipatso tsiku lililonse. Kuti tisavutike ndi sikelo, muyesowu umagawidwa m'magawo asanu a magalamu 80. Gawo limodzi ndi nthochi imodzi yapakatikati, kapena lalanje limodzi, kapena bango limodzi, kapena chibenthu chachikulu cha papaya, kapena masipuni akuluakulu atatu kapena anayi odzaza ndi masamba ophika.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa. Mbatata, mbatatesi ndi chinangwa siziwerengedwa pa magalamu 400 amenewa, chifukwa ntchito yake yaikulu m'thupi ndi yofanana ndi ya nsima, kupatsa mphamvu. Choncho mbale ya tchipisi si ndiwo zamasamba, ngakhale mbatatesiyo inachokera kudimba. Chimene chikuwerengedwa pa mbale imeneyo ndi kabichi ndi tomato wapambali uja basi.

Kuno kwathu alangizi a zaumoyo amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamafuta, zamasamba ndi zipatso. Ambiri tinalemba magulu amenewa pa mayeso a ku pulayimale ndipo tinakhoza. Onani kuti magulu awiri mwa asanu ndi limodziwo ndi amene tikukambirana lero. Komatu kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi World Health Organization, pakati pa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, anapeza kuti anthu oposa 9 mwa 10 alionse sankafika pa magawo asanu aja. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Dziko lathu ndi la alimi, mango amaolera pansi chaka chilichonse, koma m'mbale zathu zinthuzi zikusowa.

Zimagwira ntchito yanji m'thupi?

Tiyambe ndi maso ndi chitetezo cha thupi. Masamba obiriwira kwambiri monga bonongwe, nkhwani, chisoso, luni ndi kholowa, pamodzi ndi zakudya zachikasu monga mango, papaya, maungu ndi kaloti, zili ndi chinthu chimene thupi limachisandutsa vitamini A. Vitamini ameneyu akasowa, munthu amayamba kusaona bwino kukada, ndipo thupi limafooka polimbana ndi matenda, makamaka mwa ana. Mbatata yofiira mkati, monga ya mtundu wa Zondeni ndi Kadyaubwerere, ilinso ndi vitamini A wambiri. Ngakhale siiwerengedwa pa magawo asanu aja, ndi yabwino kudya m'mawa m'malo mwa buledi woyera.

Chachiwiri ndi magazi. Kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndipo ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kuchepa kwa magazi kuli ndi zoyambitsa zingapo, monga malungo ndi njoka za m'mimba, koma chakudya chili ndi gawo lalikulu. Wophunzira amene magazi ake ndi ochepa amatopa msanga, amasinza m'kalasi, ndipo amawerenga tsamba limodzi katatu osamva kanthu. Thupi limafuna ayironi kuti lipange magazi. Nyemba ndi masamba zili naye, koma ayironi wa m'zomera salowa m'thupi mosavuta. Chimene chimamuthandiza kulowa ndi vitamini C, amene amapezeka mu gwafa, malalanje, manachesi, mandimu, masawu, malambe ndi tomato. Ndiye chifukwa chake kudya gwafa kapena lalanje mukangotha nsima ya nyemba n'kwanzeru kuposa kulidya palokha madzulo. Kwa ife amene ambiri sitidya nyama kawirikawiri, mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri. Masamba obiriwira ndi nyemba zilinso ndi foleti, amene amathandiza kuti msana ndi ubongo wa mwana zipangike bwino m'masabata oyambirira a mimba, nthawi imene mayi mwina sanadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera.

Mphamvu ya vitamini C inaoneka kalekale anthu asanamudziwe dzina. Mu 1747 dokotala wina wa ku Scotland, James Lind, anayesa mankhwala osiyanasiyana pa amalinyero amene ankadwala matenda otupitsa nkhama ndi kugwedeza mano chifukwa chokhala miyezi yambiri panyanja osadya zomera zaziwisi. Amene anachira msanga ndi amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu.

Chachitatu ndi m'mimba. Zamasamba ndi zipatso zili ndi faiba, tizigawo ta chomera timene thupi siligaya koma timathandiza kuti chakudya chiziyenda bwino m'matumbo. Ufa woyera uli ndi faiba wochepa kwambiri chifukwa gaga anachoka pokonola. Wodya nsima ya ufa woyera kawiri pa tsiku popanda masamba okwanira asadabwe akamadzimbidwa. Faiba amachepetsanso liwiro limene shuga amalowera m'magazi, amathandiza munthu kukhuta osadya mopitirira, ndipo amachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'matumbo.

Chachinayi ndi mtima. Nthochi, mapeyala, tomato ndi masamba obiriwira zili ndi potaziyamu, amene amathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi, pamene mchere wambiri umakukweza. World Health Organization imalangiza mchere wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Matenda a mtima, sitiroko ndi shuga sayamba tsiku limene dokotala wawapeza. Amamangika mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndipo zaka zimenezo kwa ife zayamba kale. Chakudza sichiimba ng'oma.

Zifukwa zimene timapereka

Ngati zinthuzi n'zofunika chotere, n'chifukwa chiyani sitizidya? Chifukwa choyamba chili m'kaganizidwe kathu pa nkhani ya ndiwo. Kwa ife kudya ndi nsima, ndipo ndiwo ndi zongoperekeza mbamu kuti itsike. Munthu atadya mbale yodzaza maungu ndi mapapaya amanenabe kuti sanadye lero. Pa kaganizidwe kotere ndiwo zochepa n'zokwanira, bola zikhale ndi mchere ndi msuzi. Nsima si mdani wathu, ndipo palibe amene akunena kuti tiisiye. Chofunika kusintha ndi kukula kwa malo amene chilichonse chikutenga m'mbale. Yesani kuti masamba atenge malo ofanana ndi a nsima, kapena kuposerapo.

Chifukwa chachiwiri ndi manyazi. Ambiri tinakula tikuona kuti chisoso ndi bonongwe ndi ndiwo za tsiku limene pakhomo palibe ndalama. Mlendo akabwera timamuphera nkhuku, ndipo tikamupatsa masamba timayamba ndi kupepesa. Zipatso nazo timaziona ngati za ana. Mnyamata wa ku koleji amayenda monyadira atanyamula chakumwa cha m'botolo, koma masuku amawabisa m'chikwama. Tiyenera kudzifunsa kuti ndani anatiphunzitsa kunyoza chimene Mulungu anameretsa kuseri kwa nyumba yathu n'kulemekeza madzi a shuga opaka mtundu. Masamba achikuda amene timawanyozawa, monga bonongwe ndi luni, ali ndi ayironi ndi vitamini A wochuluka kuposa kabichi amene timamuona ngati wachizungu.

Chifukwa chachitatu ndi ndalama, ndipo ichi sichabodza. Wophunzira amene akudikira ndalama ya fizi sangagule maapulo ochokera kunja. Koma thupi silifunsa kumene chipatso chachokera. Ndalama ya botolo limodzi la chakumwa imagula nthochi zingapo kapena milu ya masamba. Chinsinsi ndi kudya za m'nyengo yake, pamene zatsika mtengo. Kumapeto kwa chaka kuli masuku ndi mango. Mvula ikagwa, nkhwani, chisoso, bonongwe, luni, khwanya ndi chitambe zimapezeka ponseponse, zina zongomera zokha. Mvula ikamatha kumabwera mapeyala ndi gwafa, kenako manachesi a ku Mwanza ndi malalanje m'nyengo yozizira. M'chilimwe muli masawu, malambe ndi bwemba, pamodzi ndi mpiru, repu ndi tomato wa kudimba. Nthochi ndi mapapaya zimapezeka pafupifupi chaka chonse. Misika ngati wa Lizulu ku Ntcheu ndi wa Bvumbwe ku Thyolo imadyetsa mizinda yathu ndiwo zamasamba, ndipo ophunzira anayi kapena asanu atasonkherana akhoza kugula mopikula n'kugawana.

Chifukwa chachinayi n'chakuti ambiri aife sitidziphikira. Timadya zimene zaphikidwa kukhitchini ya sukulu kapena kumalo ogulitsira zakudya. Apa m'pamene chitsanzo cha Danieli chikutithandiza. Iye sanachite chipolowe, sanangodandaulanso ndi anzake kuchipinda. Anapita kwa woyenera, mwaulemu, ndi pempho lotheka. Atsogoleri a ophunzira akhoza kupempha kuti masamba aziwonjezeredwa, kapena kuti pakhale chipatso masiku ena pa sabata. Ndipo pamene tikudikira yankho, palibe lamulo loletsa kusunga nthochi, tomato kapena mapeyala kuchipinda.

Kaphikidwe kangathe kuononga zonse

Munthu akhoza kugula masamba abwino n'kuwaononga mumphika. Vitamini C ndi foleti zimasungunuka m'madzi ndipo zimaonongeka ndi moto wautali. Choncho tsukani masamba musanawadule, chifukwa mukawatsuka mutadula zofunikazo zimapita ndi madzi. Musawasiye padzuwa kapena m'madzi kwa nthawi yaitali. Aphikeni ndi madzi ochepa, mutavindikira, kwa mphindi zochepa, ndipo aphuleni akadali obiriwira. Msuzi wake musataye.

Soda ndi chidulo, zimene timathira m'therere ndi m'masamba ena kuti afewe msanga, zimaononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Ngati n'kotheka sankhani masamba anthete amene amapsa okha, ndipo therere likhoza kukazingidwa ndi tomato ndi anyezi popanda soda.

Pali nzeru ina ya amayi athu imene sayansi ikuivomereza, kutendera. Vitamini A amalowa bwino m'thupi akakhala pamodzi ndi mafuta. Nsinjiro zili ndi mafuta abwino komanso zomanga thupi, choncho nkhwani wotendera ndi chakudya chokwanira bwino kuposa nkhwani wongowiritsa. Ngati nsinjiro palibe, mafuta ophikira pang'ono akwanira. Sipafunika kuti masamba asambire m'mafuta.

Nzeru inanso ndi mfutso. Masamba akachuluka m'dzinja, makolo athu ankawafutsa, kuwayanika ndi kuwasunga m'chikwatu kuti adzadye m'chilimwe. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito. Kuwiritsa kwake kukhale kwa kanthawi kochepa, ndipo kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kumasunga vitamini A wambiri kuposa kuyanika padzuwa lamphamvu. Mfutso salemera, saola, ndipo wophunzira akhoza kubwera nawo kuchokera kumudzi potsegulira sukulu.

Machenjezo oyenera kukumbukira

Zipatso ndi masamba odya osaphika ziyenera kutsukidwa ndi madzi aukhondo, ndipo m'manja musambe ndi sopo. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amafala kudzera m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa. Kutsuka kumachepetsanso mankhwala ophera tizilombo amene alimi amapopera pa tomato ndi kabichi. Chipatso chimene mwasenda nokha n'chodalirika kuposa chodulidwa kale chimene chakhala pamtetete.

Chigwada ndi ndiwo yabwino, koma masamba a chinangwa ali ndi poizoni wachilengedwe. Ayenera kusinjidwa ndi kuphikidwa mpaka atapsa bwinobwino. Lamulo lophika kwa mphindi zochepa lija silikhudza chigwada.

Chakumwa cholembedwa dzina la chipatso si chipatso. Zambiri mwa izo ndi madzi, shuga ndi fungo chabe. Ngakhale madzi ofinyidwa kuchokera ku chipatso chenicheni ataya faiba wake. Kudya lalanje lathunthu n'kwabwino kuposa kumwa madzi ake.

Amene asankha kusiyiratu nyama, mazira ndi mkaka adziwe kuti vitamini B12 sapezeka m'masamba kapena m'zipatso. Akasowa kwa nthawi yaitali, magazi amachepa ndipo mitsempha imaonongeka. Munthu wotere afunse achipatala za njira yopezera vitamini ameneyu. Komanso masamba ndi zipatso sizilowa m'malo mwa mankhwala. Amene akumwa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV asasiye chifukwa wina wamuuza kuti cham'mwamba kapena mandimu achiza zonse. Odwala impso afunse dokotala asanachulukitse nthochi ndi mapeyala, chifukwa kwa iwo potaziyamu wambiri ndi woopsa.

Chenjezo lomaliza ndi la mumtima. Werengani Aroma 14:1-4 ndi vesi 17. Chakudya sichipulumutsa munthu, ndipo mbale ya mnzako si malo oyesera chikhulupiriro chake. Pali abale pakati pathu amene amadya kamodzi pa tsiku, osati mwa kufuna kwawo. Kwa otere, uthenga wa zaumoyo umamveka bwino ukabwera ndi phava la nthochi kuposa ukabwera ndi chidzudzulo. Timasamalira thupi chifukwa, monga Paulo akuphunzitsira pa 1 Akorinto 6:19, 20, thupilo ndi kachisi wa Mzimu Woyera ndipo mwini wake ndi Mulungu. Wosunga nyumba ya mwini samangoletsa akuba kulowa, amaikonzanso ndi kuisamalira.

Tiyambire pati?

Yambani ndi kuwerenga. Kwa masiku atatu lembani magawo a masamba ndi zipatso amene mwadya tsiku lililonse, osawerengera mbatata ndi tchipisi. Mukaona nambala yanu, onjezerani gawo limodzi sabata ino, lina sabata yamawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tsiku la magawo asanu likhoza kuoneka chonchi: nthochi pa phala la m'mawa, masamba odzaza masana, gwafa kapena bango mutatha kudya, masamba enanso madzulo, ndi tomato waiwisi kapena kabichi pambali. Sinthasinthani mitundu, zobiriwira, zachikasu ndi zofiira, chifukwa chilichonse chili ndi zake zimene chinzake chilibe.

Mukhoza kupangana ndi anzanu a m'chipinda kuyesa masiku khumi monga Danieli: magawo asanu tsiku lililonse, ndi madzi m'malo mwa zakumwa za shuga. Masiku khumi sachiza matenda a zaka zambiri, koma ndi okwanira kukuonetsani ngati n'zotheka ndi ndalama zimene muli nazo, komanso pamene pakuvuta.

Taonaninso chakudya chathu chodyera pamodzi pa Sabata masana. Nthawi zambiri pamakhala mpunga, makaroni, tchipisi ndi zakumwa, masamba ali m'kambale kamodzi kumapeto. Achinyamata tikhoza kudzipereka kuti mbali ya masamba ndi zipatso ikhale yathu. Mlendo amene wabwera kutchalitchi koyamba amaphunzira zambiri za uthenga wathu wa zaumoyo poona tebulo limenelo kuposa pomva ulaliki.

Kwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi pali udindo wina. Posachedwa tidzaima kutsogolo kwa ana amene ena mwa iwo adzabwera m'kalasi osadya kanthu, ena atanyamula tizakudya ta m'mapaketi. Tidzawaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo adzaona chimene aphunzitsi awo akudya pa nthawi yopuma. M'mera m'poyamba. Dimba laling'ono la pasukulu silifuna ndalama zambiri. Bonongwe amathyoledwa patangotha mwezi umodzi chibzalire, papaya amabereka pasanathe chaka kapena kupitirira pang'ono, cham'mwamba chimaphuka pongozika nthambi, ndipo pamalo opanikizika masamba amakula bwino m'matumba odzaza dothi ndi manyowa. Mphunzitsi amene wasiya mitengo khumi ya zipatso pasukulu amadyetsa ana amene sadzawaona n'komwe. Koma sitingadzaphunzitse chimene ife eni sitinachizolowere, ndipo nthawi yozolowera ndi ino.

Mafunso okambirana

1. Pa Genesis 1:29 ndi 2:16, 17, n'chiyani chikuyamba, chopatsidwa kapena choletsedwa? Kodi zimenezi zisinthe bwanji mmene timafotokozera uthenga wa zaumoyo kwa anzathu amene si a mpingo wathu?

2. Danieli anapempha chiyani, kwa ndani, ndipo mwa njira yotani? Ndi pempho liti lotheka limene ife tingapereke kwa amene amatiphikira?

3. Tchulani masamba asanu ndi zipatso zisanu zimene zikupezeka kwanuko mwezi uno. Ndi ziti zimene anthu amachita nazo manyazi, ndipo chifukwa chiyani?

4. Werengani 3 Yohane 2 ndi Aroma 14:13. Tingalimbikitsane bwanji pa nkhani ya chakudya popanda kuweruza m'bale amene alibe ndalama zogulira?

5. Dzulo munadya magawo angati? Nanga mawa mudzaonjezera chiyani, ndipo mudzachipeza kuti?